Lufina Nangozo Akana Kunamizira Chule

Lufina Nangozo wa ku Biriwiri anabadwa ndi pakamwa posadziwa kutseka. Amake ankati mwana ameneyu akadzafa, lilime lidzatsala likuyankhulabe m'bokosi. Ali kamtsikana anauza mphunzitsi wa Sande sukulu, pamaso pa ana onse, kuti wavala malaya chotembenuza. Atamukwapula anabwerezanso, popeza malayawo anali akadali otembenuza. Anthu otere m'mudzi amawakonda akamakalipira ena, koma likafika tsiku lawo amayamba kunena kuti mayiyu alibe mwambo.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamufewetsa, ndiye mng'ono wake Mirriam. Bambo awo anapita ku Joni Mirriam ali m'mimba, ndipo anasanduka mtchona: anatumiza bulangete kamodzi, kenako zii. Amayi awo anamwalira Mirriam asanayambe sukulu. Choncho Lufina, mawere atangoyamba kumera, anabereka mwana kumbuyo ngati ntchembere. Anamuphikira phala, anamuchotsa matekenya, anamenyana ndi anyamata chifukwa cha iye, ndipo tsiku la ukwati wa Mirriam analira kuposa mkwatibwi. Atakula onse anamanga pa malo a amayi awo, bwalo limodzi, mtondo umodzi. Mukanamufunsa Lufina chuma chake, sakanatchula mbuzi kapena munda wa mbatata ya kachewere. Akanatchula Mirriam.

Cholowa chimene amayi awo anasiya chinali bowa. Asanamwalire anali atayenda naye Lufina m'nkhalango dzinja ndi dzinja, kumuonetsa utale wa pachulu, manyame, chipindi, ndi ndelema, bowa woyera uja wotuluka m'nthaka ngati dzira, amene a m'tauni amamufera. Lamulo lawo linali limodzi. Bowa usamuyang'ane nkhope yokha, umufunse kwawo. Amene wamera pansi pa mombo kapena msuku ndi mwana wa pakhomo. Amene wamera pansi pa mtengo wachilendo, ngakhale akongole chotani, ndi chirombo, umuponde ndi chidendene n'kupitirira.

Lufina anakwatiwa ndi Thomas, munthu wofatsa amene mwina anamusankha kuti aziyankhulira onse awiri. Thomas anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku bungwe la Teba, nabwerako ndi wailesi, jekete lachikopa ndi chifuwa chimene sichinathe. Akalima mizere iwiri ankakhala pansi kufunafuna mpweya. Ndiye pakhomo panadalira dengu la Lufina. Dzinja likafika ankayala bowa m'mbale m'mphepete mwa msewu wa tala, galimoto ikamatsika phiri n'kukweza mbale m'mwamba. A m'tauni ankaima, n'kumanenerera mtengo ngati bowayo amadziyendera yekha kuchoka kutchire.

Koma nkhalango inatha iye akuona. Poyamba kunabwera othawa nkhondo a ku Mozambiki, ndipo munthu wothawa nkhondo sungamumane nkhuni. Iwo atabwerera kwawo kunalowa matipate. Kwina anthu anamva kuti matipate ndi kuvota, koma amuna ambiri a kwawo kwa Lufina anamva kuti ndi nkhwangwa. Aliyense ankati, "Pano ndi ufulu," n'kugwetsa mombo, n'kuotcha makala, n'kuimika matumba m'mbali mwa msewu. Lufina anawakalipira mpaka kusasa mawu, iwo n'kumangoseka. Phiri litametedwa mpala, bungwe lina linabwera ndi mbande za paini n'kubzala kuseri kwa mudzi. Mitengoyo inakula msanga, yowongoka bwino, pansi pake pali mthunzi ndi masamba owonda ngati singano.

Bowa weniweni anasamukira kutali. Kuti umupeze unkayenera kuoloka malire n'kulowa m'nkhalango za ku Mozambiki, kunyamuka kusanache n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, chitenje chitanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Lufina ankapita. Mirriam ankapita naye, mpaka chaka chimene mwamuna wake anamwalira n'kumusiya ndi ana anayi, ndiponso bondo lake linayamba kutupa n'kumakana zitunda.

Chaka chomwecho amayi achitsikana anatulukira kuti pansi pa paini pakumera bowa wadzira, wofanana ndi ndelema, ndipo pafupi, poti ukhoza kusiya nyemba pamoto n'kukazula. Ena anadya, sanafe. Mwina anali ndi mwayi, mwina anazula mtundu wina, popeza m'mitengo imodzimodziyo mumamera zosiyanasiyana. Lufina anakalipa msewu wonse. Namoyo, wapampando wa amayi ogulitsa bowa, mayi wodziwa kuseka ndi madalaivala, anamuyankha kuti, "Anangozo, inu Mulungu anakupatsani miyendo. Ife tisiyeni tidyetse ana."

Kwa Mirriam Lufina sanakalipe. Anangomuuza ali pamtondo kuti, "Iwe, kupaini usapondeko. Ukasowa, uzitapa m'dengu mwangamu." Mirriam anati wamva. Koma mayi wa ana anayi kumatapa m'dengu la mkulu wake tsiku ndi tsiku, zimawawa, ndipo zimenezi Lufina, ndi nzeru zake zonse, sanaziganizire.

Madzulo ena m'mwezi wa Febuluwale, Dyton wa kabaza anaima pamsewu pobwerera kwawo. Mirriam anali ndi bowa wotsala pansi pa dengu, ndipo chifukwa cha chinansi anangomukhuthulira yense m'jumbo pa mtengo wa mbale imodzi. Mkazi wa Dyton atathira bowayo m'lichero, munatuluka kachule kakuda bii, kosalala, kamizere iwiri yofiira kumsana, koyenda chokwawa m'malo modumpha. Mayiyo anakuwa, anakakankhira kutali ndi kamtengo, anatsuka bowayo, naphika ndi matimati. Banja lonse linadya n'kugona bwinobwino.

Zinayamba kutacha. Kusanza ndi kutsegula m'mimba, onse atatu: Dyton, mkazi wake, ndi mwana wawo Chifuniro, kamtsikana kamene kanali katangoyamba sukulu. Anawatengera kuchipatala. Kumeneko anaoneka ngati akuchira, mpaka Chifuniro anapempha nthochi, anthu n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Kenako maso a mwanayo anasanduka achikasu, ndipo anayamba kugona tulo tovuta kumudzutsa. Akuluakulu awiriwo anapulumuka. Chifuniro anabwerera kumudzi m'kabokosi koti munthu mmodzi akanatha kukanyamula m'khwapa.

Nkhani ya chule inali itafika kale pamsewu, ndipo anthu anailandira ndi manja awiri. Ndani sadziwa kuti kachule kamizere yofiira n'kaululu? Komanso chule ndi wabwino kumusenzetsa mlandu. Alibe malume woti abwere kudzafunsa, alibe malonda oti aonongeke. Namoyo anasonkhanitsa amayi pansi pa chisakasa chawo nati, "Amayi, timvane. Iyi ndi ngozi. Chule analowa m'dengu n'kukodzera bowa. Kuyambira lero aliyense azigwedeza dengu asanagulitse, basi. Mukangoyamba zoti bowa wathu akupha, galimoto siidzaimanso pano, ndipo tidzadya miyala."

Lufina anayamba kuganizira za chuleyo. Kachule kameneko ankakadziwa. Ali mtsikana anapisa dzanja m'dzenje la pachulu pokumba utale, ali ndi bala pachala, ndipo anakagwira. Nthawi yomweyo chala chinayaka ngati wachiviika mu tsabola, dzanja linatupa, mtima unathamanga, koma pofika madzulo anali akusinja chimanga. Kwa iye ululu wa chule unali waukali koma wosabisa. Umakumenya pomwepo, pamalo pomwe wamugwirira, ndipo mwini wake amavala zofiira kuti umuonere patali. Koma chinthu choti chikulole kudya, kunyambita zala, kugona tulo, n'kudzakugwira mawa lake, kenako n'kukunamiza kuti wachira, chimenecho Lufina ankadziwa kuti chilibe miyendo.

Atafika pakhomo anaona dengu la Mirriam litapachikidwa pakhonde. Analitsitsa, analizondotsa, naligogoda pansi. M'mipata ya nsungwi munagwa masamba a paini.

"Mirriam, tatuluka."

Mirriam anatuluka maso atatupa ndi kulira.

"Izi n'chiyani?"

"Ndinakatola nkhuni, achemwali."

"Nkhuni m'dengu la bowa? Usandiyese mwana iwe. Mamina ako ndinapukuta ndine."

Mirriam anakhala pansi, natambasula mwendo wodwala uja. "Ndinapitako, inde. Onse amapita. Ana anga omwe anadyapo, sanadwale. Ndi chule, achemwali. Make Chifuniro anamuona ndi maso ake."

"Chule analimodi. Koma amene wapha mwana si iyeyo."

"Mwadziwa bwanji? Munali m'mimba mwake?" Mawuwo anatuluka mwaukali, koma ukaliwo unathera panjira. Mirriam anakwawa nagwira mwendo wa mkulu wake. "Mukanena zimenezi mwandipha. Dyton adziwa kuti mwana wake wafa chifukwa ine ndinaopa mtunda. Ndiziyenda bwanji m'mudzi muno? Ana anga azitchedwa ana a ndani? Mayi anga ndinu, ndilibe wina. Kupaini sindidzapondakonso, pali amayi kumanda."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanakhala Namoyo kapena mayi wina aliyense, bwenzi mudzi wonse utamva dzuwa lisanalowe. Koma uyu anali Mirriam, ndipo Lufina anaona poyera kuti akatsegula pakamwa, m'bale wake yekhayo amutaya. Anamudzutsa, nati, "Ndamva. Pukuta misozi, tipite kusiwa."

Pamaliro, nthawi yofotokoza za imfa itakwana, a Silvester, malume a mwanayo, anaimirira pakati pa amuna chipewa chili m'manja. Ananena mwaulemu kuti mwana wa mlongo wawo anadya bowa amene munagona chule waululu, ndipo palibe woti n'kumuloza chala. Anthu anavomera ndi mitu. Lufina, ali pakati pa amayi, anamva mawu akukwera kukhosi. Anayang'ana msana wa Mirriam ukugwedezeka ndi kulira, nameza. Aka kanali koyamba m'moyo wake kumeza mawu, ndipo anamuwawa ngati ndulu. Pobwerera Thomas anamuyamikira kuti, "Wachita bwino, Nangozo. Chibale ndi fupa, sichiola."

Maliro atatha kunagwa mvula yabwino, ija yodzutsa bowa. M'mawa mwake Lufina akutuluka ndi dengu anaona mzere wa amayi ndi atsikana ukulowera kupaini. Ankacheza mokweza ngati akupita kuchigayo. Aliyense anali ndi dengu pamutu, ndipo m'manja anali ndi kandodo. Lufina anaima kaye osamvetsa, kenako anazindikira kuti tindodoto n'topirikitsira achule. Mwana anali atangoikidwa kumene, ndipo phunziro limene mudzi unatolapo linali la kandodo.

Kumapeto kwa mzerewo kunali Yamikani, mwana woyamba wa Mirriam.

"Yamikani! Bwera kuno. Ukupita kuti?"

"Kukazula bowa, amayi aakulu."

"Amayi ako sanakuuze kanthu?"

"Anandiuza. Akuti ndizigwedeza dengu kwambiri."

Lufina anamulanda dengu mtsikanayo nalunjika kwa mng'ono wake. Anamupeza akusesa. Mirriam anasungadi lumbiro lake, iye mwini sanapite. Koma kuletsa mwana kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho n'chimene sankafuna kuchitchula ngakhale m'nyumba mwake momwe.

"Mirriam, uwauze wekha, apo ayi ndiwauza ine."

"Munalonjeza, achemwali."

"Sindinalonjeze. Ndinati ndamva. Lero ndaona."

Mirriam anataya tsache, analowa m'nyumba, natseka chitseko.

Lufina ankadziwa kuti mawu okha sagwira. Anali atakalipa dzinja lonse, ndipo anthu anazolowera kukalipa kwake monga amazolowera kulira kwa chigayo. Tsiku limenelo anaoloka malire yekha. Anazula ndelema wa pansi pa mombo, wodzaza theka la dengu. Kenako anayamba ntchito imene munthu wamutu wake sagwira, yofunafuna chule. Anagubuduza zikuni zoola, anasuzumira m'maenje a pachulu, anafukula masamba, mpaka anakapeza kachule kamizere yofiira katabisala pansi pa khungwa. Anakanyamula ndi masamba, anakaika pakati pa bowa, namanga dengu ndi chitenje. Pobwerera anadzera kupaini, anazula bowa wa kumeneko, namuika payekha m'jumbo.

Thomas ataona zimene zinali m'dengu, chifuwa chinamuyamba. Chitatha anati, "Nangozo, ukufuna kundisiya ndi yani?"

"Mutsala ndi wailesi yanu."

Anayankha moseka, koma ankaopa. Za chule padzanja ankazidziwa, chifukwa zinamuchitikira. Za chule m'mimba anali asanayesepo, ndipo panalibe woti amufunse. Ankangodalira kuti madzi ndi moto zichita ntchito yake, ndiponso kuti maso ake sanamunamize. Dengu linagona pakona lomangamanga, chule ali m'kati.

Kutacha anafika pamsewu amayi atayala kale mbale zawo. Anatula nkhuni, miphika iwiri, chidebe cha madzi, mchere ndi matimati. Anaika mafuwa, nakoleza moto pamalo awiri. Namoyo anafunsa ngati Anangozo atsegula lesitilanti, ndipo amayi anaseka. Lufina anamasula chitenje. Kachule kaja kanakwawa pamwamba pa bowa, mizere yake ili psuu, kanatsikira pansi, n'kulowera m'udzu mosafulumira. Kuseka kunasanduka kukuwa. Anyamata a kabaza anasiya njinga zawo, ogulitsa makala anabwera, ndipo wina anathamanga kukaitana Dyton.

"Mwamuona nonse," anatero Lufina. "Wagona m'menemu usiku wonse. Ngati ndi wokodza, wakodza mpaka kukhuta."

Anatsuka bowayo monga anatsukira mkazi wa Dyton, namuika mumphika woyamba. Kenako anamasula jumbo. Asanadule anatenga mmodzi wa m'jumbomo ndi ndelema mmodzi amene anamusunga, nawakweza m'mwamba.

"Amayi inu, muli ndi maso. Ndelema m'mphepete mwa chipewa chake muli timizere. Uyu alibe, ndi wosalala. Ndelema pakati ndi woderako. Uyu tamuyang'anitsitsani padzuwa, ali ndi kubiriwira ngati madzi a pachithaphwi. Koma ngakhale simuona zonsezi, mukudziwa kumene ndamuzula, chifukwa dzulo munali komweko ndi tindodo tanu."

Anamuphika mumphika wachiwiri, mchere womwewo, matimati omwewo. Fungo linali labwino mbali zonse, ndipo zimenezo n'zimene zinkamukwiyitsa kwambiri. Miphika ili pamoto anthu anachuluka. Dyton anafika, wowonda, mutu atameta chifukwa cha maliro, naima kutsogolo. Mirriam naye anabwera, akutsimphina, naima kumbuyo kwa amayi.

Lufina anapakula bowa wa chule uja, anakhala pansi, nayamba kudya ndi manja. Anadya mosafulumira, akuyang'ana anthu mmodzimmodzi. Anamaliza mbale, anapakulanso, anakombeza mphika, namwa ndi msuzi womwe.

"Wa chule uja watha," anatero. "Mawa mubwere mudzandione. Mukandipeza ndafa, mukalengeze kuti Nangozo anali chitsiru, ndipo ine sindidzatsutsa." Anapakula mumphika wachiwiri, naika mbale pansi pakati pa bwalo. "Uyu chule sanamuone n'komwe. Ndi waukhondo, wa kupaini kwanu, jumbo ndagwedeza. Amene akuti Chifuniro anaphedwa ndi chule, mbale nayi. Anamoyo, inu ndinu apampando, tiyambireni."

Namoyo anakonza mpango kumutu. "Ine ndadya kale."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa manyazi. Palibe amene anasuntha. Amayi amene dzulo lake anali kupaini anayamba kukokera mbale zawo kumbuyo ndi mapazi. Lufina anaona zimenezo ndipo mtima wake unakondwa, osabisa. Anaganiza kuti nkhani yatha, ndipo sanatchule dzina la munthu.

Pamenepo Dyton anayankhula, motsitsa mawu. "Anangozo, pepani. Nanga bowa amene ndinagula ine uja anali wakuti?"

Sipanafunikenso yankho. Amayi anapatuka okha, ndipo Mirriam anatsala poyera. Nkhope yake inali itauma. Anayang'ana Dyton, anayang'ana mkulu wake, kenako anayenda motsimphina mpaka pakati pa bwalo.

"Anali wa kupaini," anatero. "Ngati ndinapha mwana wanu, a Dyton, ndidye chomwe anadya."

Anawerama, anatapa bowa wodzaza dzanja, naponya m'kamwa.

Zimenezi Lufina sanaziyembekezere. Anaganizira za chule, za moto, za Namoyo, za imfa yake yomwe, koma sanaganize kuti mbale yoikidwa poyera ikhoza kutoledwa ndi munthu wosweka mtima. Anadumpha ngati si mayi wa zidzukulu. Anamugwetsa Mirriam chagada, anamukhalira pachifuwa, anamufinya masaya ndi dzanja limodzi, napisa zala za dzanja linalo m'kamwa. Mirriam analuma. Lufina anamva mano akufika pafupa koma sanachotse chala. Anakokolola bowa yense, anapisanso mpaka kukhosi, Mirriam nasanza m'fumbi. Anaitanitsa chidebe, namutsukuluza m'kamwa mokakamiza, madzi osakanikirana ndi magazi a chala chake akuyenderera m'khosi mwa onse awiri. Kenako anaimirira, anamenya mphika wachiwiri uja ndi phazi, nakwirira zonse ndi phulusa ndi dothi.

Mirriam anakhala tsonga, chitenje chili mbali, tsitsi lili fumbi lokhalokha. Sanalire.

"Mwandivula pamsewu," anatero, "ndiye mukundimana ndi imfa yomwe?"

"Eya. Ndikukumana."

"Kuyambira lero ine ndilibe mkulu wanga."

"Ukhale wopanda mkulu. Koma ukhalepo."

Dyton anatembenuka napita kwawo. Yamikani anadzutsa amayi ake. Lufina analamula anyamata a kabaza kuti apite ndi Mirriam kuchipatala ngakhale akane, ndipo anapita naye, iye akukana njira yonse.

Mawa lake Lufina anafika pamsewu ndi miyendo yake, chala atamanga kansalu, naima poonekera kuti aliyense amuone bwino. Mirriam naye anabwerako kuchipatala ali bwino. Mbiri inayenda ndi maminibasi, ndipo kwa kanthawi magalimoto ankangodutsa osaima. Amayi anamuda Lufina chifukwa cha zimenezo. Anamuuza kuti pachisakasa palibenso malo ake, iye nati chisakasacho n'chodontha kale, nakayala mbale zake payekha pakhona la kumtunda. Ana anamupatsa dzina loti Anachule, ndipo ankaliitana ali patali ndithu. Koma kupaini sikunapitenso munthu ndi dengu. Dyton sanasume mlandu kulikonse. Anangosintha njira yopitira kunyumba kwake kuti asamadutse pakhomo pa Mirriam, ndipo chilango chimenecho chinali chokwanira.

Mirriam sanasamuke, popeza malowo anali a amayi ake ngati momwe analili a Lufina. Anagula mtondo wakewake. Akakumana panjira ankapatukira m'udzu. Mvula itatha, anthu atakolola, Mirriam anayamba kuumba zidina kuseri kwa nyumba yake, yekha, ndi bondo lake lija. Lufina anayesa kuti akufuna kumanga khitchini. Zidina zitauma, Mirriam anaboola khoma la kumbuyo n'kusamutsirako chitseko. Kenako anayamba kutseka khomo lakale, limene linayang'ana kubwalo, kunyumba kwa mkulu wake.

Lufina anakhala pakhonde pake akuonerera mzere woyamba wa zidina, ndi wachiwiri. Zinamuwawa kuposa mano aja. Anaona madzi opondera matope atha, Mirriam akutenga ndowa, akutsimphina kulowera kumjigo, kutali kumunsi kwa chitunda, n'kubwerako ndi theka lokha, akupumira panjira. Ulendo wotsatira Lufina anadzuka, anatenga ndowa yake yaikulu, anakatunga yodzaza, naitula pafupi ndi matopewo. Mirriam anayang'ana ndowayo nthawi yaitali, osayang'ana amene waibweretsa. Kenako anaipendeketsa, nathira madziwo m'dothi, nayamba kuponda.

Thomas anaona zonsezo ali pampando wake. Mkazi wake atadutsa anamufunsa kuti, "Nangozo, ukumuthandiza kukutsekera khomo?"

"Bondo lake silingathe chitunda chija."

"Nanga ukanangokhala chete tsiku lija, si bwenzi pano mukudyera limodzi?"

Lufina anaima, misozi ili m'maso, koma mawu ake sananjenjemere. "Bwenzi tikudyera limodzi pamaliro a Yamikani. Musiyeni amange. Wakufa samanga khoma."

Anatola ndowa ija, imene Mirriam anali ataikankhira pambali ndi phazi, natsikanso kumjigo.